Tafunsani Tikuyankheni: Kuphunzitsana Pagulu Kudzera pa Imelo

Mafunso a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kwa anthu amene akufuna kuphunzitsana okhaokha koma akukhala motalikirana. Ayankha ndi aphunzitsi a maphunziro a anthu akuluakulu mothandizana ndi odziwa za mafoni ndi makompyuta.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndikuchita dipuloma ya ODL (yophunzira uli kwanu). Tinatsegula gulu la WhatsApp la anthu oposa 60 kuti tizithandizana, koma pano mwangodzaza mauthenga a maliro, malonda a kaunjika ndi mavidiyo a mpira. Ukafunsa za phunziro m'mawa, pofika masana funso lakwiririka. Mnzanga wati tiyese imelo. Tiyambire pati?
*Mphunzitsi, Mayani, Dedza*

Aphunzitsi, yambani ndi kuchepetsa anthu. Pa anthu 60 aliyense amaganiza kuti ayankha ndi mnzake, ndiye sipayankha munthu, kaya ndi pa WhatsApp kaya ndi pa imelo. Tengani anthu 5 mpaka 8 amene akuwerenga phunziro limodzi pa nthawi imodzi. Werengetsani nokha: pa anthu 7, aliyense akalemba yankho limodzi ndi ndemanga ziwiri, pa sabata pabwera mauthenga 21. Amenewo munthu wogwira ntchito atha kuwamaliza. Mukakhala 15 mauthengawo afika 45, ndipo anthu ayamba kungotsegula osawerenga. Ngati ofuna kulowa achuluka, pangani magulu awiri kapena atatu, lililonse liziyenda palokha.

Gwirizananinso tsiku lothera. Masabata 6 ndi okwanira kumaliza gawo limodzi la buku. Gulu lopanda malire anthu amalithawa mwakachetechete, pomwe la masabata 6 ngakhale wotopa amapirira kuti afike kumapeto. Likatha mumafunsana amene akufuna kupitiriza.

Maadiresi musatengere pakamwa. Munthu akamakuwerengerani pafoni, chilembo kapena nambala imodzi imasowa, kenako mumalandira uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem woti adiresiyo sikupezeka. Perekani adiresi yanu molemba, aliyense akutumizireni imelo ya mzere umodzi. Mukatero mwapeza adiresi yolondola, komanso mwadziwa kuti munthuyo amatha kutsegula akaunti yake. Amene walephera mayeso aang'onowa m'masiku atatu afunika kumuthandiza kaye gulu lisanayambe.

Sabata iziyenda chonchi. Lolemba wotsogolera atumize imelo imodzi yokhala ndi masamba oti awerengedwe, osapitirira 15, funso limodzi, ndi mndandanda wa amene ayankhe ntchito ya mnzake. Pofika Lachitatu 8 koloko usiku aliyense akhale atatumiza yankho lake la mawu 150 mpaka 200. Pofika Lachisanu aliyense apereke ndemanga pa mayankho a anthu awiri amene wapatsidwa. Lamlungu wotsogolera alembe mwachidule zimene mwagwirizana, zimene mukutsutsana ndi zoti mukafunse a lekichala mukapita kukoleji, ndipo atchule wotsogolera sabata yotsatira. Utsogoleriwu uziyenda ngati chipereganyu: lero ndi kwa uyu, sabata yamawa kwa uje, ndipo kalondolondo yense alembedwe mu imelo yoyamba. Woyambitsa gulu akamatsogolera yekha, pofika sabata yachinayi amakhala atatopa, ndipo tsiku limene wadwala gulu lonse limaima.

Pamene magulu ambiri amagwera ndi pa funso lenilenilo. Mukafunsa kuti "Fotokozani ubwino woyesa ana pafupipafupi," anthu 7 akopera ndime imodzimodzi ya m'buku, ndipo sipakhala chokambirana. Funsani zoti munthu agwiritse ntchito zimene wawerenga: "Muli ndi ana 110 mu Sitandade 3 ndi mabuku a Chichewa 20. Mungadziwe bwanji, m'masabata awiri, ana amene sakutha kuwerenga? Mfundo yanu ikuchokera tsamba liti?" Pamenepo wa ku Mayani ndi wa ku Lobi ayankha mosiyana, ndipo kusiyanako ndiye pophunzirira.

Gulu la WhatsApp musalitseke. Lisiyeni likhale la zolengeza ndi kukumbutsana kuti "imelo ya sabata ino yalowa."

Kwathu kuno netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina foni imagwira ya ku Mozambique. Ndalama za bandulo nazonso n'zovuta. Kodi imelo si ya anthu a m'tauni?
*Mlangizi wa zaulimi, Tsangano, Ntcheu*

Ayi bambo, malo ngati kwanuko ndiye imelo imathandiza kwambiri, chifukwa sifuna kuti nonse mukhale pa intaneti nthawi imodzi. Mu Gmail ya pafoni, mauthenga amene alowa kale mutha kuwawerenga popanda netiweki. Mutha kulembanso yankho muli kunyumba n'kudina Send. Limakadikira mu Outbox, ndipo mukafika pamalo ogwira netiweki limapita lokha. Chofunika n'kutsegula Sent kuti muone ngati lapitadi. Ambiri amene amalumbira kuti "ndinatumiza" uthenga wawo umakhala ukadali mu Outbox, kawirikawiri chifukwa Data saver ndi yoyatsa kapena Sync Gmail ndi yozimitsa. Zikatero foni siyang'ana makalata yokha mpaka mutatsegula Gmail n'kukokera chala pansi.

Chimene chimadya bandulo ndi zithunzi, osati mawu. Imelo ya mawu 200 sifika ndi pa 50 KB pomwe. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimakhala 2 MB mpaka 5 MB. Anzanu 6 akatumiza zithunzi zitatuzitatu za 3 MB, inu mutsitsa 54 MB pa funso limodzi, ndipo kwenikweni zimaposa pamenepo chifukwa fayilo ikamatidwa ku imelo imakula pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho ikani lamulo: yankho lilembedwe mu imelo mwenimwenimo. Chojambula chikhale chokhacho chimene sichingatayipidwe, monga masamu kapena mapu a munda, ndipo chisapitirire 1 MB. Kuti zitheke, tsegulani Google Drive pafoni, sankhani Scan, mujambule pepalalo. Imadula m'mbali n'kupanga PDF imodzi, ngakhale masamba akhale atatu. Lembani ndi cholembera chakuda, ndipo jambulani masana pakhonde, osati usiku ndi tochi, chifukwa kuwala kwa tochi kumaphimba pakati pa pepala.

Gmail imalola kumata zinthu zosapitirira 25 MB pa imelo imodzi. Zikaposa imaziika ku Drive n'kutumiza linki, ndipo ngati simunapereke chilolezo, anzanu amangouzidwa kuti apemphe kaye. Mabuku athunthu ndi bwino kugawana pa Bluetooth kapena pa memore khadi tsiku limene mwakumana ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera).

Pogula bandulo onetsetsani kuti ndi ya intaneti yonse. Ija ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula Gmail, ndipo mukakhala ndi mayunitsi m'foni mutha kupeza adyedwa.

Za netiweki ya ku Mozambique, vutoli ndi lodziwika m'malire monse, kuyambira ku Tsangano, Biriwiri, Mlangeni, Lizulu mpaka ku Dedza, kumene foni imatha kulumphira ku Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Lowani mu Settings, pa Mobile network, muzimitse Data roaming. Kenako zimitsani kusankha netiweki kongochitika kokha, musankhe ndi dzanja TNM kapena Airtel. Mayina a mabataniwa amasiyanako pakati pa itel, Tecno ndi Samsung, koma onse ali pamalo amodzimodzi a simukhadi.

Pomaliza, gulu lisamapereke ntchito ya lero lomwe. Pakati pa funso ndi yankho pazikhala maola osachepera 48. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imatha kukuta mapiri tsiku lonse ndipo sola sitchaja bwino, onjezerani tsiku lina.

Tilipo 6 ndipo tikukonzekera mayeso a ICAM, a zowerengera ndalama. Vuto ndi loti mayankho ena amafika kwa munthu mmodzi yekha, ena amabwera pawokhapawokha, moti sitidziwa kuti akuyankha funso liti. Mnzathu amene analowa mochedwa salandira kanthu.
*Kalaliki, Ntcheu Boma*

Zonse zitatuzi zili ndi mankhwala ake. Reply imapita kwa wolemba yekha. Yopita kwa onse ndi Reply all. Pafoni imakhala pansi pa uthenga kapena kuseri kwa timadontho titatu, n'chifukwa chake anthu amaiphonya. Wotsogolera aziyamba imelo ya Lolemba ndi mawu akuti "Yankhani ndi Reply all," kwa masabata atatu oyamba osatopa.

Maadiresi onse aikidwe pa To. Musawaike pa Bcc. Bcc imabisa mayina, ndipo Reply all siwafika anthu obisikawo, ndiye zokambirana zimafera pa yankho loyamba. Bcc ndi yabwino poitana anthu osadziwana gulu lisanayambe, basi.

Gmail imasonkhanitsa mauthenga poyang'ana mutu wa imelo. Wina akasintha mutuwo, kapena akayamba imelo yatsopano m'malo moyankha, ulusi umaduka. Mutu uzilembedwa mwa njira imodzi, monga "Sabata 3: Bank reconciliation," ndipo wina asaukhudze. Sabata yatsopano, imelo yatsopano. Mafayilo nawo azikhala ndi dzina lomveka, monga Sabata3 ndi dzina la mwini wake, osati IMG ndi manambala aja. Mayeso akayandikira mudzangolemba subject:"Sabata 3" pofufuzira, kapena has:attachment, zonse n'kutuluka.

Mnzanu watsopanoyo salandira chifukwa Reply all imatenga mayina a pa uthenga umene mukuyankhawo. Mukayankha wakale, iye mulibemo. Wotsogolera amuwonjezere pa To, alembe kuti "kuyambira pano yankhani uthenga uno," ndipo onse atsatire. Kuti musamasiye munthu Lolemba lililonse, pangani label (gulu la maadiresi) mu Google Contacts, muikemo anthu onse, muzitumiza kuchokera pamenepo.

Chenjezo limodzi: musananong'oneze mnzanu za wina wa pagulu, yang'anani pa To. Undo, batani lobwezera imelo imene mwangotumiza, imaoneka kwa masekondi ochepa chabe. Pa kompyuta mutha kuitalikitsa mpaka masekondi 30. Ikadutsa, imelo sibwezedwa.

Pagulu pathu pali a hedi ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) opuma. Iwo akalemba, tonse timangoti "ndagwirizana nazo." Achinyamata awiri sanalembepo chiyambire. Olemba mokhulupirika tatsala atatu. Ndiwachotse osalembawo?
*Mayi mphunzitsi, Kasinje, Ntcheu*

Musafulumire, mayi. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Wamkulu akayamba kulankhula, wamng'ono amaona kuti nkhani yatha, ndipo kulemba zosiyana kumaoneka ngati mwano. Pa imelo mantha amakula chifukwa zolembazo zimakhala, munthu atha kudzakuwerengerani chaka chamawa.

Sinthani kalondolondo wa kayankhidwe. Pemphani akuluakuluwo, mwaulemu komanso pambali, kuti azitumiza mayankho awo pomalizira, Lachitatu usiku. Ambiri amavomera mukawauza kuti cholinga n'choti achinyamata ayambe ayesa okha. Njira ina ndi yoti aliyense atumize yankho kwa wotsogolera yekha, ndipo iye awaphatikize mu imelo imodzi Lachinayi m'mawa. Apo palibe amene waona za mnzake asanalembe zake. Njirayi imalemetsa wotsogolera, koma pagulu la anthu osiyana maudindo ife timaikonda kuposa ina ija.

Kenako thetsani "ndagwirizana nazo." Ndemanga iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu: mfundo imodzi imene yamveka ndi chifukwa chake, malo amodzi amene sanamveke, ndi funso limodzi. Likakhala lamulo la gulu, wofunsa a hedi sakuchita mwano, akungotsatira zimene onse anagwirizana. Mawu ake atha kukhala otere: "A hedi, chitsanzo chanu cha kugawa ana m'magulu chandithandiza. Pa ndime yachiwiri ndasochera pang'ono: buku pa tsamba 41 likuti mwana aziyesedwa payekha, inu mwati pagulu. Kodi pali nthawi imene njira yanuyi imaposa ya m'bukuyi?" Ulemu ulipo, ndipo funso lafika.

Musalembe kuti "aliyense apereke ndemanga." Tchulani mayina: uje ayankhe uje ndi uje. Munthu amatha kunyalanyaza gulu, koma zimamuvuta kunyalanyaza mnzake amene akudikira iyeyo. Mayinawo azisintha sabata iliyonse kuti asamangoyamikirana apamtima.

Achinyamata awiriwo aimbireni foni, musawadzudzule pa Reply all. Zifukwa zimene zimatuluka kawirikawiri ndi izi: foni ndi yobwerekana ndi a kunyumba, pasiwedi inaiwalika, kapena akuchita manyazi ndi Chingerezi chawo pamaso pa a PEA. Chachitatuchi n'chofala kuposa mmene anthu amavomerera. Lolani kuti zokambirana zizikhala m'Chichewa kapena mosakaniza, koma yankho lomaliza likhale m'chiyankhulo cha mayeso. Apatseninso kantchito kakang'ono kowalowetsa, monga kusankha funso la sabata yamawa.

Lamulo lochotsa munthu likhalepo, koma ligwirizanidwe poyamba: wophonya masabata awiri otsatizana osanena kanthu apume, adzalowenso ulendo wotsatira. Ongowerenga osalemba amafooketsa olemba, ndipo atatu anu okhulupirikawo akaona kuti akulimira anzawo, nawonso asiya.

Tikubwereza MSCE ndipo pakati pathu palibe mphunzitsi. Tidziwa bwanji kuti sitikuphunzitsana zabodza?
*Mnyamata, Lizulu*

Funso labwino, achimwene, chifukwa pagulu wolemba molimba mtima ndiye amakhulupiriridwa, ngakhale akhale wolakwa. Yankho lililonse lizinena kumene lachokera: buku liti, tsamba liti. "Anatiuza aphunzitsi athu" si umboni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Onaninso kuti bukulo ndi la silabasi imene mulembe.

Pa masamu ndi sayansi, tumizani njira yonse, osati yankho lokha, ndipo wopereka ndemanga aziyesa yankholo. Wina akati pa x² − 5x + 6 = 0 wapeza x = 2 ndi x = −3, bwezerani −3 m'malo mwa x: 9 + 15 + 6 ndi 30, si 0. Yankho lolondola ndi 2 ndi 3, ndipo mukayang'ana njira yake mupeza pamene chizindikiro chinatembenuka. Cholakwa chotere chikagwidwa pagulu chimaphunzitsa onse.

Mukatsutsana, musavote. Lembani nkhaniyo pa mndandanda wa zosathetsedwa. Pezani mphunzitsi mmodzi wa sekondale kapena wa CDSS yapafupi, mumupemphe kuti kamodzi pa masabata awiri aziyankha mafunso osapitirira atatu. Musamuike pagulu, mauthenga 20 pa sabata amuthawitsa. Wotsogolera amutumizire imelo imodzi yosonyeza funso, mayankho awiri otsutsanawo ndi masamba amene mwaona kale.

Mapepala akale a MANEB agwiritseni ntchito motchera nthawi: funso litumizidwe, aliyense alembe pamanja m'mphindi zimene mwagwirizana buku lili chotseka, kenako ajambule. Koma wina akabweretsa likasa, kapena uthenga woti tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money mulandire pepala la chaka chino, muchotseni nthawi yomweyo. Ambiri otere ndi akuba chabe, ndipo ngakhale pepala litakhala lenileni, imelo imasunga dzina la aliyense amene analandira. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa dziko lonse mapepala atabedwa, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021.

Kwa a kukoleji amene akuwerenga nawo: kambiranani funso la asayimenti ndi mmene mungaliyalire, koma asayimenti yomalizidwa isatumizidwe pagulu isanaperekedwe. Ziwiri zikafanana, wokopera ndi wokoperedwa amalangidwa limodzi.

Imelo yanga anandipangira ndi mnyamata wa pashopu pamene ndinkagula foni, pasiwedi sindiidziwa. Komanso pagulu lathu la alangizi a zaumoyo timakambirana za odwala amene takumana nawo. Pali vuto?
*HSA (mlangizi wa zaumoyo), Golomoti, Dedza*

Pali mavuto awiri, ndipo loyambalo likonzeni foni isanasowe. Panopa akaunti ikutseguka chifukwa foni ikuikumbukira. Tsegulani Gmail, dinani chithunzi chanu pamwamba, mulowe mu Google Account, pa Security. Onani Recovery phone: ngati pali nambala ya mnyamatayo, nambala zotsimikizira zizipita kwa iye. Pamafunika pakhale nambala yanu, yolembetsedwa ndi chitupa chanu cha unzika, kuti ikatayika mukathe kuibwezeretsa ku TNM kapena Airtel. Posintha, Google imafunsa pasiwedi kapena loko wa foni. Zikakanika, dinani Forgot password muli pa foni yomweyo, chifukwa Google imakhulupirira msanga foni imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito. Zikakanikabe, tsegulani akaunti yatsopano nokha, muuze gulu, ndipo pasiwedi muilembe m'kope losungidwa kunyumba, osati kuseri kwa foni.

Mukatsegula imelo pa kompyuta ya kuchipatala kapena ya pamalo otayipitsa, tulukani ndi Sign out, kutseka tsamba lokha sikukwanira. Uthenga wa gulu ukasowa yang'anani mu Spam, mudine Report not spam. Zokhala m'menemo zimafufutika pakatha masiku 30. Dziwaninso kuti kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa, choncho manotsi ofunika atsitseni muwasunge pena.

Za odwala, dzina lisalembedwe, mudzi usatchulidwe, ndipo chithunzi cha buku la kuchipatala kapena kaundula chisatumizidwe. Lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo imelo itha kutumizidwa kwina ndi batani limodzi la Forward. Pamudzi waung'ono ngakhale kungoti "mayi wa mapasa wa pafupi ndi mjigo" n'kumutchula kale. Lembani zokhazo zimene phunziro likufuna, monga "mwana wa miyezi 18, wotsegula m'mimba masiku atatu, akukana kuyamwa," kenako funso lanu. Aphunzitsi nawonso achite chimodzimodzi: pojambula ntchito ya mwana, pindani pamwamba pa pepala pamene pali dzina lake.